Batani la wailesi ya Che Amidu

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Chiringa ndimayenda mofulumira, ngakhale ambiri amene anaona zimene ndikufuna kukuuzanizi anatsogola kale.

Chinali chaka chimene Che Amidu, telala wa pamsikapo, anagula wailesi. Inali yoyamba m'dera lathu, yabuluu, yozungulira ngati sefuliya, ndipo dzuwa likapendeka anthu ankadzaza pakhonde pawo kudzamva azibambo a ku Lusaka akulankhula Chinyanja. Ine n'kuti nditangobwera kumene kothyola tiyi kuseri kwa phiri, ndili ndi malaya amodzi a kaki ndi pakamwa posatseka. Kunena zoona, pakhondepo sindinkatsata wailesi. Ndinkatsata Meliya, mtsikana wa kutsidya kwa mtsinje, amene ankathandiza Che Amidu kusoka mipendero pamanja.

Ndiye ndinayamba kudzitama, mokweza kuti iyeyo amve. "Mawailesi awa ife tinatopa nawo kwa azungu kuja." (Ndinaionapo kamodzi kokha, pazenera, galu wa bwana asanandithamangitse.)

Tsiku lina khonde litadzaza, Che Amidu ali kalikiliki kupalasa makina, anandiitana. "Achimwene, poti inu mumazidziwa, tapotokolani batanilo timve nkhani."

Tsono ndiweruzeni mwachifundo. Muli kwa telala, munthu n'kunena za batani, inuyo mungaganize chiyani? Batani limene ndinkalidziwa ine linali la pamalaya basi. Ndinagwira la pachifuwa panga n'kuyamba kulipotokola mwaulemu, maso ali pa wailesi, kudikira kuti ilankhule. Sinalankhule. Ndinapotokolanso. Ulusi unati phwa, batani n'kugubuduka mpaka kumapazi kwa Meliya.

Pomwepo mayi wina wogulitsa zitumbuwa anaphulika kuseka, ena onse n'kutsatira.

"Kwatentha," ndinatero, ndikudzipepesera mphepo ndi dzanja. (Kunali chiperoni, anthu atafunda zitenje mpaka kumutu.)

"La pawailesi, achimwene," anatero Che Amidu, akupukuta misozi.

Munthu wanzeru akanathawira kwawo pomwepo. Ine ayi. Ndinapita pa wailesipo, n'kupeza kanthu kakuda kozungulira, n'kukapotokola ndi mphamvu zonse za manyazi anga. Wailesi inabangula ngati ng'ombe yothenedwa. Nkhuku zinabalalika. Nkhalamba ina inasiya ndodo pomwepo n'kuthawa, ikufuula m'Chilomwe kuti anthu a m'katimo akwiya. Nditati ndibweze, kanthu kaja kanazuka n'kutsala m'manja mwanga. Phokoso linaleka Che Amidu atadumpha n'kusolola waya wa batire.

Kenako anatembenukira kwa ine nati, "Lero mwazula awiri. Makina angawa musawayandikire."

Anthu atayamba kumwazikana, akali kuseka, ndinamva wina akundikoka malaya. Anali Meliya, singano ili m'manja.

"Imani bwino. Musagwedezeke, ndingakubayeni."

Anasokerera batanilo malaya ndili chivalire. Mutu wake unali pansi pa chibwano changa, duku lake likununkhira sopo ndi utsi wa nkhuni za m'phiri. Atatha anawerama n'kudula ulusi ndi mano, ndipo ndikukhulupirira kuti anamva mmene mtima wanga unkagundira.

"Mukanangonena kuti simudziwa," anatero motsitsa mawu, "ine ndikanakuonetsani."

Sanachoke. Anaima pomwepo, akukulunga ulusi ku chala, kumasula, kukulunganso.

"Paja mumabwera tsiku ndi tsiku. Pali mawu?"

Abale anga, mawu analipo. Ndinali nditawayeseza kumunda mpaka mbalame zinawaloweza. Koma pakamwa pomwe paja, pamene pankatopa ndi mawailesi a azungu, panauma gwa.

"Nandolo chaka chino wachita bwino," ndinatero.

Anandiyang'ana m'maso. "Eya," anati, "wachita bwino." N'kubwerera ku mipendero yake.

Manyazi anandibisa kumudzi mpaka nandoloyo atauma. Pamene ndinalimba mtima n'kubwereranso pakhonde paja, pamkeka pa Meliya panali patakhala mayi wina. Meliya anali atakwatiwa ndi mnyamata wogwira ntchito ku njanji, ndipo anapita naye ku Limbe. Sindinamuonenso.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kunena kuti sindikudziwa, ndipo ndimanena msanga, ngakhale kwa adzukulu. Koma chimene chimandiwawa si chimenecho. Tsiku limenelo panali chinthu chimodzi chokha chimene ndinkachidziwa bwinobwino, ndipo m'malo mwake ndinakamba za nandolo.