Ba Delight m'matope a ku Kabulonga

Inu, senderani kuno poti minibasi sinadzaze, ndikuuzeni za ba Delight, neba wanga wa ku Chelstone, uja wogwira ntchito kubanki amene amayenda ngati msewu anaupanga ndi iye. Koma musakanene kuti mwamva kwa ine.

Ba Delight ali ndi kamwana kamodzi, Chloe, ka zaka zitatu. Ndiye ku Kabulonga kuli sukulu ina ya mkombaphala ya ana a mabwana, ndipo kunatsala malo a mwana mmodzi basi. Mayi ameneyu anali atalengeza kale kutchalitchi kuti malowo ndi a Chloe, mwana asanapite n'komwe kukaonedwa!

Chisokonezo chinabwera ndi alangizi. Mlamu wawo wokhala ku China anaimba foni kuti kumeneko mwana wa zaka zitatu amawerenga ngati munthu wamkulu, ukachedwa waluza. Mng'ono wawo Tanya, nesi ku Finland, anati, "Awe ba sisi, kuno bana basobela chabe, pensulo ni pambuyo," ndiye kuti ana amangosewera basi. Ba Kuluthumu otisokera madilesi anati kwawo ku Mangochi bola pasukulu pakhale phala, ana amabwera okha. Bambo a mwana, ba Reuben, anati iwo anayamba sukulu dzanja litadutsa pamutu n'kugwira khutu, nanga lero si awa ali pantchito ya boma?

"Ndiye chifukwa tikali mu Chelstone," anatero ba Delight, n'kusankha za ku China.

Abale, mwana anaziona! Kudzuka, manambala. Kudya, mayina a mayiko. Chinyanja analetsa, dothi analetsa, tiana tinzake tobwera kumpanda tinkapirikitsidwa ngati nkhuku. Ine ndikuchapa kuseri ndinkangomva, "Chloe, likulu la Japan!" Mpaka ine wa giledi seveni ndinayamba kumayankha chamumtima.

Tsiku lokaonedwa litafika ba Delight anandigogodera.

"Ba neba, munipelekeze. Koma kuja muzanyamula chola na kukhala zii. Bazaganiza ati ndimwe ba nchito."

Wina akanakwiya. Ine? Ndiphonye zoterezi? Ndinamanga chitenje msangamsanga.

Galimoto yobwereka inatifera tisanafike n'komwe ku Munali. Tinadziunjika m'minibasi, Chloe ali mu dilesi loyera ngati mkwatibwi, atapanikizidwa ndi thumba la nsomba za kapenta. Ba Delight anatitsitsa patali ndi geti kuti alonda asaone chomwe tabwerera, n'kumayenda akuliza dala makiyi a galimoto yakufa ija.

Mphunzitsi wamkulu, ba Mutale, anatilandira wopanda nsapato, matope mpaka m'zigongono.

"Mwabwela bwino! Pano sitifunsa mafunso. Tifuna chabe kuona mwamene mwana asobelela na banzake."

Anatitengera kuseri kwa makalasi. Inu! Ana a mabwana, ana a azungu, onse ali m'dzenje la matope ngati abakha, akuumba ng'ombe. Makolo ena atakhala pabenchi akungosekerera.

"Chloe, yenda ukasobele," anatero ba Mutale.

Chloe anaima njo, manja kumbuyo, n'kulengeza m'Chingerezi kuti likulu la Japan ndi Tokyo.

"Wachita bwino. Manje gwilako dothi."

"Ayi. Dothi ni ya bana bopanda makolo banzelu. Mami anakamba."

Benchi yonse ya makolo inatembenuka. Mayi wina, amene mwana wake anali ndi matope mpaka m'makutu, anavula magalasi kuti atione bwino. Ine kuseka kunandifika pakhosi, ndinaluma chogwirira cha chola.

Ba Mutale anapukusa mutu. "Mwana uyu ayopa kusobela. Niona monga pano sazakondwa. Kuli benangu bayembekeza malo."

Ndinaona ba Delight akuyang'ana dzenje lija, ndipo ndikulumbira, ankaganiza za azimayi akutchalitchi mmodzimmodzi. Basi anavula nsapato, kukwinya siketi ya suti, n'kuponda m'dzenje muja.

"Ona, Chloe! Mami asobela! Ni vabwino!"

Phazi lachiwiri linaterereka. Phwa! Chagada! Wigi inauluka yokha, kamtsikana kena n'kuitola n'kuveka ng'ombe yake.

"Ba neba, nigwileni!"

"Ine ndine wa nchito, madamu. Nagwila chola."

Pamenepo Chloe anaseka. Kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, komwe sitinakumve chiyambire maphunziro a ku China. Anathamanga ndi dilesi lake loyera, n'kudzigwetsa pamimba pa amake, n'kuyamba kuwamata matope kumaso ndi manja onse awiri. Ana ena ataona kuti pali munthu wamkulu waulere, anabwera kudzathandiza.

Ba Mutale anaonerera kwa kanthawi, kenako anati, "Mwana ali chabe bwino, malo ni yake. Koma imwe ba mayi muli kumbuyo maningi. Pa Chisanu paliponse muzibwela ku kalasi ya makolo, muphunzile kusobela."

Pobwerera, kondakitala anawayalira katoni asanawalole kukhala pampando.

Ndiye panopa Chloe akuchita bwino zedi, amabwera kunyumba ali bii ngati mbatata yongokumba. Koma amake, ndamva kwa mlonda wa pageti paja, zinthu sizikuyenda. Ng'ombe zawo zikumagwa chammbali, ndipo ba Mutale akuti zikapitirira chonchi, chaka chamawa abwereza kalasi.