Shati ya Thonje Yokavundukulira Chiliza

Lolemba
Lamlungu tikuvundukula chiliza cha bambo ku Khombedza. Bambo analima thonje moyo wawo wonse, ndipo uphunzitsi wangawu unachokera m'munda momwemo. Ndatsimikiza mtima: tsikulo ndivala shati ya thonje lenileni, osati poliyesita. Che Saidi, telala wa pakhonde la golosale, akundiphunzitsa kuyesa nsalu. "Sololani ulusi, aphunzitsi, muyatse. Thonje limasanduka phulusa. Poliyesita imasungunuka n'kumanunkha jumbo." Ndagula machesi.

Lachiwiri
Shati zanga zisanu zili pabedi.
Yoyera: jumbo.
Yamizeremizere: jumbo.
Ya kukwaya: jumbo, mpaka kudontha.
Ziwiri zotsalazo n'chimodzimodzi.
Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana a eni ndili m'jumbo? N'chifukwa chake nyengo yotentha ino thukuta limangoyenderera kumsana, kusowa polowa.

Lachitatu
Chidwi chandipitirira. Katani, neti ya udzudzu, nsalu ya patebulo, ngakhale ukonde wakale wa mnansi wathu amene amakapha nsomba ku Mbenji: chilichonse chikusiya kamkanda kakuda, kolimba. Timikandato n'tokongola ndithu, ndikutisunga m'kambale. Pa chitenje cha kumpingo cha akazi anga ndimafuna kaulusi kokha, koma moto sudziwa mpendero. "Abambo a Tadala, mwayamba kusuta zovala?" Machesi abisidwa.

Lachinayi
Ku kaunjika. Wogulitsa akulumbira: "Kotoni weniweni uyu, bwana, wangotsika m'belo." Ndikutulutsa machesi obwereka, iye akundilanda shati. "Gulani kaye, mukaotchere kwanu." Ndagula. Ndakaotchera kwathu. Jumbo.
Thonje lonse lija tinkasenza pamutu linkapita kuti?

Lachisanu
Phulusa! Lofewa, lotuwa, lopanda kamkanda. Fungo lake landibweza kumunda, tikuotcha mitengo ya thonje titatha kukolola, bambo akusonkhezera ndi ndodo. Vuto n'limodzi: nsaluyo ndi chikolopa. Akazi anga akuti inali shati ya kaki ya bambo, yakhala ikukolopa nyumba ino zaka zambiri. Ndaichapa katatu, ndapita nayo kwa Che Saidi. Akuiyang'anira kudzuwa, ine ndikuwaona nkhope kudzera m'zibowo. "Wallahi, aphunzitsi, apa pangatuluke kampango basi." Ndawauza asoke kampangoko.

Loweruka
Azakhali, mlongo wa bambo, afika ndi yunifolomu ya banja: shati zobiriwira, zonyezimira, aliyense yake. Machesi sakufunika, nsaluyo ikuchita kulira yokha ikakhudzana. Ndikuwafotokozera za thonje, za ulemu wa bambo. Akuseka mpaka kutsokomola. "Achimwene? Thonje ankavalira kumunda, mwanawe. Akangogulitsa ankathamangira shati ya nayiloni, ija yoonetsa vesiti m'kati. Ankati chapa m'mawa, masana vala, simbi yosafunika."
Ndakumbuka tsopano. Inali yachikasu. Ankandinyamula atavala imeneyo popita kutchalitchi, ine n'kumangoterereka pachifuwa pawo, iwo n'kumandikweza, ine n'kutererekanso.

Lamlungu
Dzuwa la ku Khombedza silikunyengerera. Tayima mzere pamanda, tonse obiriwira, tikunyezimira ngati mabotolo. Abusa akutalikitsa. Thukuta likutsika mumsana, likusowa polowa, monga mwa masiku onse. Ndikutulutsa kampango, ndikupukuta nkhope: kakumwa lonse. Azakhali akutambasula dzanja osandiyang'ana. Kachoka kwa iwo kapita kwa amalume, kwa alamu, kwa adzukulu, mzere wonse. Bambo akupukuta banja lawo lonse. Akazi anga okha ndiwo akukana kukalandira, poti akudziwa kumene kakhala kakupukuta.
Kabwerera kwa ine konyowa. Shati yobiriwira ndiisunga. Ndaichapa titangofika kunyumba, ndipo yauma kale.