Tsiku Limene Ndinafika Mochedwa pa Sadaka Yanga

Nkhani iyi ndimaibisa, koma poti mano atha m'kamwa, manyazi ndiwasungirenji?

Ku migodi ya ku Joni ndinali ndi mnzanga Saidi wa ku Ulongwe. Mwala unamugwera m'mawa wina, ndipo anamuika m'bulangete la kampani, popanda sanda, nsalu yoyera imene ife Asilamu timakulungiramo maliro. Zinandiwawa kwambiri. Ndinalumbira kuti ine imfa isadzandipeze chonchi.

Ndinagula sanda yanga, n'kuipinda bwino m'sutikesi. Pamwamba pake ndinaika kalata: "Ine Yusufu ndapita. Jekete kwa mlamu wanga Ndala, wotchi kwa amalume. Amayi musalire kwambiri." Ndinadziona wanzeru zedi.

Kontrakiti itatha ndinatsika sitima pa Balaka ndi masutikesi awiri, yanga ndi ya malemu. Ya Saidi ndinayenera kukaipereka ndekha kwa mkazi wake. Yangayo ndinaikweza pa lole ya sitolo yopita ku Ntaja, kuti adalaivala akaipereke kwa aliyense wa kwathu kwa Mposa.

Chimene ndinaiwala ndi chomwe ndinali kukachita ku Ulongweko. Masiku amenewo sutikesi ikafika yokha kuchokera ku Joni, mwini wake ndiye kuti kulibe.

Ku Ulongwe ndinalira ndi mkazi wa Saidi, kenaka malungo anandigwetsa sabata yathunthu.

Nditafika kwathu ndinaona anthu pabwalo, mpunga ukuphikidwa, ashehe akuwerenga. Mtima unangoti phaa! Ndinati basi, amayi andisiya. Ndinayamba kulira ndili kumsewu.

"Amayi ine! Amayi ine!"

Anthu atacheuka, bwalo lonse linabalalika. Ashehe anasiya nsapato. Amene anatsala ndi mlamu wanga Ndala, atavala jekete yanga.

"Alamu, wamwalira ndani?"

"Ndinu, alamu."

"Iyayi! Ine ndili pano!"

"Sorry, alamu, koma munalemba nokha. Amwalimu a kumzikiti anawerenga kalata yanu kawiri."

Pamenepo amayi anatuluka m'nyumba. Sindinawazindikire msanga. Sabata imodzi inawadya ngati chaka cha njala. Akuti chifikire sutikesi sanalawe kanthu. Anandigwira nkhope, manja, mapazi. Atatsimikiza kuti ndine wamoyo, anandiwomba khofi lomwe ndimalimvabe mpaka lero.

"Mwana wopanda mwambo! Ndakuika m'manda mumtima mwanga masiku asanu ndi awiri. Ukufuna kundipitirira pamzere? Unabadwa liti iwe?"

Analowa m'nyumba, natuluka ndi sanda ija.

"Iyi ndalanda. Udikire nthawi yako."

Anthu anabwerera mmodzimmodzi, ndipo mpunga wa sadaka yanga ndinadya nawo, misozi ikugwera m'mbale. Jekete sinabwerere.

Amayi sanapezenso mphamvu. Chimanga chisanache chaka chomwecho, tinawakulunga m'nsalu ija. Inawakwana, n'kutsalako, poti ndinayeza msinkhu wanga. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati si kalata yanga imene inawafupikitsira ulendo.

Sanda ina ndinagula, ili m'sutikesi yomweyo. Ndimaiyanika chaka ndi chaka kuti njenjete zisaidye, ndipo ndisanaitulutse ndimayamba ndazungulira mudzi wonse kupereka moni.

Imfa ikonzekereni ndithu, koma katundu asamafike kumudzi inu musanafike.