Dzenje la M'munda mwa Apongozi

Lolemba
Ndayamba kukumba m'tsinde mwa phiri, m'munda mwa apongozi kuno ku Biriwiri. Phirili linang'ambika ndi chivomerezi kalekale, koma liti? Abwana ku ofesi yoona za miyala andipatsa sabata imodzi: ndipeze makala amene anakwiririka ndi dothi logumuka tsiku limenelo, akawapime kunja, tidziwe zaka zake. Ndikalephera, ndibwerera konyamula zikwama za anzanga. Zida: piki, fosholo, tepi, timabotolo titatu. Apongozi aamuna ali gone, chifuwa.

Lachiwiri
Mulitali mapazi asanu ndi limodzi, mulifupi atatu. Makona owongoka, ndanyadira. Amayi opita kudimba aima, ayang'ana, achoka osapereka moni.

Lachitatu
Dothi lofiira, kenako nsangalabwi, kenako mchenga. Makala ayi. Kwabwera apampando a chipani. Khadi ndaonetsa. Akufunsa ngati ndikubisa mfuti, poti malire ali pafupi. Ndafotokoza za chivomerezi. "Dziko lino silinagwedezekepo chilandirireni ufulu," atero. Ndavomera. Ndili ndi ana.

Lachinayi
Apongozi aamuna akana phala. Mkazi wanga Nachisale wandifunsa: "Munawayeza liti bambo anga?" Ndapita kukaliyang'ananso dzenje lija. Zoonadi, manda enieni. Sukulu yonse ija, osaona!

Lachisanu
Ndalitalikitsa kuti lisaoneke ngati manda. Tsopano akuti ndi la anthu awiri, ndipo apongozi aakazi ayamba kumva mutu. Koma madzulo, dzenje litafika m'khosi, kamzere kakuda pansi pa miyala yogumuka. Makala! Sinditola lero. Ndiyenera kuwajambula kaye m'kope ali pamalo pake, apo ayi abwana sawalandira. Dzuwa lalowa.

Loweruka
Ndalawirira ndi kope, ndapeza adzukulu a kumanda asanu, makasu, ndi mathunthu awiri a nthochi. Akuti manda okumbakumba sasiyidwa kukamwa; akapanda kudya nthochi adya munthu. Ndapempha ola limodzi lokha. Amalume ake a Nachisale andiyang'ana nthawi yaitali: "Akamwini, mukufuna makala kapena mukufuna banja?"
Mathunthuwo ndatsitsa ndekha. Dothi lofiira, nsangalabwi, mchenga, zonse zabwerera mosakanikirana. Mtima ukuwawa, sindibisa.

Lamulungu
Apongozi aamuna adzuka, adya mbatatesi, akufunsa za mbuzi zawo. Mudzi wonse ukuyamika nthochi. Ine ndikuganiza kuti ndi jakisoni amene anawabaya kuchipatala, koma mkamwini ndani amamufunsa? Mawa ndikauza abwana kuti makala kulibe.
Masana apongozi andiitana pakhonde, andigwira dzanja. "Mwana wanga, adzukulu akuti mumakumba mowongoka. Tsiku langa likadzafika, mudzandiike pomwepo."
Ndiye kuti makala aja ndidzawaonanso pamaliro awo. Ndawafunira moyo wautali, ndipo sindinaname.