Nkhondo ya Nsinjiro ya ku Nsaru

Tcherani khutu, inu a ku Nsaru ndi a ku Kabudula, mumve za chaka chimene fodya anapsa ndi dzuwa koma mtedza unabereka mpaka matumba kusowa, chaka chimene mawaya analowa m'khitchini ndipo mtendere unatulukira pawindo.

M'masiku amenewo kunali Tiyamike, Mwana wa Mawaya, Wogonjetsa Mabatire, amene anabwera kuchokera ku koleji atapanga chivindikiro cholankhula. Chivindikirocho chinkamva kutentha kwa mphika n'kumauza wophika chochita: thirani ichi, takasani, chepetsani moto. Cholinga chake chinali choti ngakhale mwamuna wosadziwa kumene kumakhala mthiko athe kuphika nkhwani wotendera. Chinatsala chinthu chimodzi basi: kodi m'chivindikiromo mulowe kaphikidwe ka ndani?

Apa m'pamene anadzambatuka ankhondo awiri. Kum'mawa kunali amayi ake omubereka, a Zelifa, Mkango wa pa Mtondo, amene anasinja mtedza mpaka kuthyola minsi itatu. Kumadzulo kunali apongozi ake, a Dorcas, Chiphaliwali cha Mvano, amene mphika wawo sunapsererepo chibadwire, malinga n'kunena kwawo. Tiyamike ankadziwa kuti akasankha mmodzi, pakhomo pa winayo sadzapondaponso.

"Masamba akafewa zimalowa nsinjiro, tomato pambuyo!" anabangula a Zelifa, atakweza mthiko ngati mkondo. "Woyamba ndi kuthira tomato sanaleredwe."

"Kodi asewele, mukunena ine?" anayankha a Dorcas, akumangitsa chitenje m'chiuno. "Tomato ndiye amatsogola! Nkhwani wanu uja wa pa chinkhoswe tinangodya chifukwa cha ulemu."

Mawu amenewa anagwedeza Nsaru yense. Kwa masabata atatu awiriwa sanapatsane moni kuchigayo, ndipo kutchalitchi ankaimba nyimbo imodzi aliyense akuyang'ana khoma lake. Tiyamike anayesa kufunsa miyeso. Za mchere amayi ake anati, "Wokwanira." Za madzi apongozi anati, "Mumangoona." Koma makina samva mawu oti wokwanira, ndipo mtsikana wa anthu analira misozi yeniyeni.

Tsiku la chiweruzo linafika Loweruka masana. Woyesa chida anali a Gideoni, mlimi wa fodya, Wopsereza Madzi, amene chipitire akazi awo ku Mchinji kukadwazika matenda ankakhalira tiyi ndi mandasi. Khamu linazungulira mbaula. Masamba atafewa, chivindikiro chinalankhula ndi mawu a Tiyamike: "Sakanizani nsinjiro ndi tomato m'mbale, muthire zonse pamodzi."

A Zelifa anagwira pakamwa, a Dorcas anayang'ana kumwamba. Kameneka kanali kaphikidwe ka Tiyamike mwini, kamene onse awiri anakhala akudya zaka zinayi, aliyense akudzitama kuti mwanayu anatengera kwa iye.

A Gideoni anapakula nkhwani uja. Ankhondo awiri aja analawa. Kunena zoona nkhwaniyo anakoma, ine ndinalipo ndipo ndinanyambita zala mopanda manyazi.

"Mchere wachepa," anatero a Zelifa.

"Wachepadi, asewele," anavomera a Dorcas, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya mabanja awiriwa. "Mwanayu sitinamulange bwino, eti?"

"Mpang'ono pomwe. Sunthirani kuno, pamkeka pano pali malo."

Nthungululu zinamveka mpaka ku msika. Chivindikiro anachiveka mpango n'kuchikweza pa njinga ya a Gideoni, amene anapita nacho kwawo ngati mkwatibwi, anthu akuimba m'mbuyo. Asewele awiri aja anagawana mbale imodzi, namaliza mphika wonse wa nkhwani wosakomayo mpaka kukokota pansi, akudandaula pa nthongo iliyonse.

Tiyamike ankatsuka mbale kuseri akuseka yekha. Amayi ake awiri anali atapeza mdani mmodzi, Tiyamike yemweyo, ndipo anamulamula kuti mawa awaphikire nkhwani wina.