Chulu Chimene Anandipatsa a Nabanda

Wotsutsa atsutse, koma aimirire ndimuone nkhope, chifukwa kuno kwa Wimbe kopanda nyanja kuno, ine ndili ndi chilumba changachanga, ndipo ndikanama mphenzi ing'ambe pano.

Ndinali tenanti wa fodya konkuno, kwathu ndi ku Thyolo, kopanda ndi kamunda komwe. Chaka china cha makuponi, bwana wa esiteti anatseka zigafa nkutiuza kuti tichoke, ine ndi mkazi ndi ana anayi. Tilowere kuti? A Nabanda, mayi wamasiye amene tinkapemphera nawo, ndiwo anatimvera chisoni. Anati, "Munda ndilibe achimwene, koma chulu chili pakati pa dambocho ndi changa, tengani." Anandipunguliranso mbale imodzi ya feteleza wa kuponi yawo. Mayi amene aja Mulungu aziwakumbukira.

Tsono ine, pozolowera fodya wa bwana, ndinakhuthula mbale yonse pachulu, chonsecho ndi mwana yemwe kuno amadziwa kuti pachulu sathira feteleza. Mukumva? Chiswe chinadya fetelezayo, nkunenepa ngati mbuzi, nkuyamba kumanga mosapuma, chulu nkumafufuma, mvula nkukhuthuka, dambo nkudzaza, mpaka chilumba chinakula moti wakabaza amene anayesa kuchizungulira anabwerako ndi imvi. Chimanga tinkathyola titakwera makwerero, chitsononkho chimodzi tinasema bwato, tsamba limodzi la fodya tinafolera tchalitchi nkutsalako lofolera khola. Misuku inamera nkhalango, nkhanga nkumadzaikira mazira m'lichero momwe, kenaka njovu zinasambira kudzapempha malo, ndipo sindinazikanize ayi, kusowa pokhala ndikukudziwa kuwawa kwake. Mpaka lero zimatola nkhuni za mayi a kunyumba.

Bwana uja atamva anafika kutsidya, chipewa m'manja, ati ndibwerere ku ntchito. Sindinamusungire mangawa. Ndinamupatsa dzungu limodzi, galimoto yake nkuphulika matayala onse anayi.

Mwati mukufuna mukaone nokha? Pitani, njira ndi yomweyi. Kungoti chino ndi chilimwe, madzi anaphwa, ndiye chilumba chimafota pang'ono. Mukapeza chulu, mapesi, msuku umodzi ndi kanyumba kofolera udzu. Sekani ndithu, mano ndi anu. Ana anga anayi anakulira pomwepo, mayi awo amasesa bwalo lawolawo, ndipo chikhalireni palibe munthu anaimapo pakhomo panga kundiuza tsiku losamuka.