A Tamverani, Woyimbira Wosapirira Funso

Pa anthu onse amene anaimbirapo basiketibolo pabwalo lathu la kuseri kwa holo, ndi a Tamverani okha amene ankaimitsa mpira uli mkati n'kukwera kukaphunzitsa oonerera malamulo. Woyimbira wina ukamukuwiza amangotseka makutu n'kupitiriza ntchito yake. Koma iwowa munthu akangokuwa chinthu cholakwika, ankaliza wezulo, kupanira mpira m'khwapa, n'kuyamba kuponda mabenchi akuti, "Tamverani kaye, tamverani kaye." Dzina lawoli linachokera pomwepo.

Ine ndine wa patebulo, wogwira wotchi, ndipo ngati pali munthu amene khalidwe limeneli linamumeretsa imvi, ndi ineyo. Malamulo amati wotchi iime mpira ukaima, koma sanena kuti utani woyimbira akakhala pakati pa anthu akujambula bwalo pafumbi ndi chala. Ndinkangokhala manja lende, osewera thukuta likuwaumira m'thupi. Akuluakulu a bungwe la oyimbira ankawachenjeza chaka ndi chaka kuti adzawalanda wezulo, ndipo iwo ankachita mantha enieni, poti wezuloyo inali moyo wawo. Mkati mwa sabata ankasunga katundu m'nyumba ina yamalata mmene munalibe wolankhula naye. Loweruka ndi limene ankasita malaya n'kukhala munthu womveredwa.

Anthu akwathu masewerawa anawadziwira kuukulu. Abambo anabwera ndi malamulo a mpira wamiyendo m'mutu, amayi anabwera ndi a mpira wamanja, ndipo mbali zonse ziwiri zinkagwirizana pa chinthu chimodzi, choti wosokonezeka ndi woyimbira. Mtsogoleri wa chisokonezochi anali wometa wa pakona, bambo wa mawu ngati akulankhulira mumgolo.

"Ofusayidi! Ofusayidi iyo! Mwana uyo wakhalira kugolo!"

Wezulo. Mpira m'khwapa.

"Tamverani kaye, achimwene. Kuno kulibe ofusayidi."

"Munaichotsa liti?"

"Sinakhalepo n'kale lomwe."

"Ndiye munthu akhoza kungomanga nyumba pansi pa mkombero paja n'kumadikira mpira?"

"Ayi. Akakhalitsa m'bokosi muja kupitirira masekondi atatu, ndimaimba."

"Basi, ndi ofusayidi imeneyo."

"Si ofusayidi, achimwene."

"Mwangoisintha dzina kuti tisakugwireni."

A Tamverani ankatsika akupukusa mutu, koma nkhope ili ndi chiyembekezo ngati mlimi amene wafesa. Loweruka lotsatira wometa uja ankakuwanso ofusayidi yomweyo, mawu ali okulirapo.

Amayi nawo nkhani yawo inali ya mapazi. Kwa iwo munthu wagwira mpira sayenda, ndiye mtsikana akazungulira ndi phazi limodzi pofuna womupatsira, benchi yonse inkadzuka. "Wayenda! Wayenda uyo!" Tsiku lina a Tamverani anati lero izi zithe. Anaima patsogolo pawo, mpira m'manja, n'kumenya ntchafu yakumanzere.

"Onani, amayi. Phazi ili lamera mizu, silisuntha. Linzakeli ndi lomasuka, likhoza kupita kulikonse. Onani. Onaninso. Mwaona?"

"Sitinaone bwino, bwerezani."

Anazungulira, nazungulira, mpaka chizungulire chinawagwira. Mizu ija inazuka, bambo wamkulu n'kukagwera m'beseni la mayi wogulitsa malalanje. Benchi yonse inakuwa pamodzi kuti, "Mwayenda!" Ndipo iwo, ali chagada, malalanje akugubuduka mbali zonse, anafufuza wezulo pachifuwa n'kudziimbira okha. Anati chilungamo n'chakuti anayendadi.

Sikuti sanayese njira zina. Analengeza kuti azifika msanga kuti aziphunzitsa mpira usanayambe, koma kwathu munthu wofika msanga ndi wosesa yekha, ndipo wosesayo anaphunzira malamulo onse n'kumapita kwawo mpira usanayambe. Anayesa zongolankhula ndi manja monga amachitira anzawo. Tsoka ilo, chizindikiro cha faulo ndi kukweza chibakera m'mwamba. Atangochikweza atayang'ana kumabenchi, wometa anavula malaya.

"Mukundiopseza ine pamaso pa makasitomala anga? Bwerani!"

Kufotokoza kuti chibakeracho si cha ndewu kunatenga nthawi yaitali kuposa kungofotokoza faulo ija ndi pakamwa.

Bwalo lathu lilibe magetsi, ndiye mipira ya a Tamverani inkatha osewera akusaka mkombero ndi mphuno. Matimu achilendo ankasiyidwa ndi basi. Madandaulo atachuluka, bungwe linanena mawu omaliza: akangoimitsanso mpira kamodzi kuti alankhule ndi oonerera, wezulo ipita. Ndipo pa mpira womaliza wa atsikana chaka chimenecho, mkulu wa bungwe anabwera yekha n'kukhala pambali panga patebulo, manja atapinda.

Mpira usanayambe a Tamverani anandinong'oneza kuti akazi awo awapatsa nzeru.

"Akuti wezulo ndisaichotse pakamwa. Munthu waluma wezulo salankhula."

"Mukwanitsa, achimwene?"

"Mundipempherere."

Ndinaona munthu akuvutika tsiku limenelo. Wometa anakuwa ofusayidi, iwo analuma wezulo. Anakuwa penate, iwo analumitsa. Amayi anakuwa kuti wayenda, mitsempha ya m'khosi inatupa ngati zingwe. Nthawi ina miyendo inawatenga yokha kulowera kumabenchi, anafika pamzere, n'kutembenuka ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya chitseko chosatseka. Anthu ataona kuti sakuyankhidwa anayamba kutukwana, ndipo zotukwanazo zinawapepukira a Tamverani, poti kutukwana kulibe lamulo lolakwika loti ulikonze. Tinafika chigawo chomaliza dzuwa likadalipo, chinthu chimene sichinachitikepo, ndipo ine mumtima ndinayamba kuthokoza.

Kenaka mtsikana wamtali wa timu yathu anachita faulo yachisanu. Lamulo limati wofika mafaulo asanu atuluke, asalowenso. Mwanayo anadziwa, anapita kukakhala pabenchi n'kudziphimba ndi thaulo. Koma mayi ake sanadziwe. Anali mayi wosoka zovala, amene anatseka shopu tsiku limenelo kuti adzaone mwana wawo akusewera koyamba. Sanakuwe ayi. Anatsika pang'onopang'ono, kachikwama m'manja, n'kuima pamzere mwaulemu ngati ali pakhomo la ofesi.

"Bambo, pepani ndithu. Mwana wanga walakwa chiyani kuti mumuthamangitse pagulu? Watukwana munthu?"

Ndinawayang'ana a Tamverani n'kupukusa mutu mwamphamvu mpaka khosi kuwawa. Iwo anandiyang'ana, anayang'ana mkulu wa bungwe, anayang'ana mayi aja amene misozi inali italengeza kale. Wezulo inagwa pakamwa n'kulendewera pachingwe chake.

"Tamverani kaye, mayi."

Anawagwira mkono n'kukakhala nawo pabenchi yapansi. Ine ndinaimitsa wotchi, nanga ndikanatani? Anawafotokozera kuti faulo si mwano, ndi kukhudzana kwa matupi polimbirana mpira, ndipo wofika asanu amatuluka ngakhale atakhala mwana wa mbusa.

"Ndiye sanachite mwano?"

"Ngakhale pang'ono. Mwana waulesi safika asanu, mayi. Wanuyu wakhala akutchinga yekha ngati chipata kuyambira pachiyambi."

"Anthu sakumuseka?"

"Amene akuseka sadziwa mpira."

Mayi aja anapukuta maso, anapumira m'mwamba, nkhope n'kuwala.

"Zikomo, bambo, ndamva bwinobwino. Ndiye muuzeni alowenso."

A Tamverani anayang'ana kumwamba kanthawi. Kenaka anakonza kakhalidwe n'kuyambiranso pachiyambi.

Mpira utatha, mkulu wa bungwe sanalankhule zambiri. Anangopita pakati pa bwalo n'kutambasula dzanja. A Tamverani anavula chingwe chija pamutu n'kupereka. Apa ndi pamene anthu anazindikira chimene chikuchitika, ndipo mabenchi onse anatsikira m'bwalo, wometa ali patsogolo.

"Abwana, izi ndiye ayi! Munthu simungamulande ntchito opanda kadi yachikasu kaye! Lamulo limenelo mwalitenga kuti? Kulibe lamulo lotero!"

Mkuluyo anayamba kubwerera chafutambuyo, anthu akumuzungulira. Ndipo pakati pa phokosolo tinamva mawu aja, otsika, osweka pang'ono.

"Tamverani kaye. Lamulolo lilipo. Abwanawa akulondola."

Anatifotokozera bwinobwino, ndime ndi ndime, chifukwa chake woyimbira saloledwa kusiya mpira n'kumakambirana ndi oonerera, ndi chifukwa chake bungwe lili ndi mphamvu yomuchotsa. Anafotokoza momveka kuposa tsiku lina lililonse. Ine ndinalephera kupirira, ndinabwerera patebulo n'kumakonza wotchi imene sinawonongeke.

A Tamverani sanasiye kubwera. Loweruka lililonse ankafika malaya atasita, n'kukhala pabenchi ngati wina aliyense. Woyimbira watsopano akaimba, iwo ankatembenukira woyandikana naye n'kuyamba kumasulira, koma munthu wopanda wezulo saimitsa chilichonse, ndiye mawu awo ankangomira m'phokoso. Faulo ikachitika dzanja lawo linkathamangira pachifuwa, n'kupeza batani la malaya. Anayamba kuonda. Mvula itayamba tinamva kuti agonekedwa m'chipatala, ndipo isanathe anatisiya. Ndinalira kwambiri, ine amene ndinkadandaula nawo kuposa onse.

Masiku ano mipira yathu imatha nthawi yake. Oyimbira ndi anyamata odziwa ntchito, othamanga, ndipo kumabenchi sayang'anako ngakhale mutakuwa mpaka mawu kutha. Palibe timu imasiyidwa ndi basi. Wometa amabwerabe, koma amakuwa kamodzi, kudikira pang'ono, n'kukhala pansi. Anthu amatuluka pachipata dzuwa likadali m'mwamba, osadziwa chifukwa chake apambana kapena agonja, ndipo sakanganirananso panjira.

Mwezi wathawu bambo wina wachikulire, amene sindinamuonepo, anabwera patebulo langa mpira uli mkati, chipewa chili m'manja. Anati mdzukulu wawo wamwetsa, zigoli zawerengedwa, ndiye n'chifukwa chiyani akumupatsanso mpira kuti aponye yekha, kodi choyamba chija chinali cholakwika? Yankho ndinali nalo lonse, ndinalimva kambirimbiri kwa a Tamverani, ndi mawu awo omwe. Ndinatsegula pakamwa. Koma woyimbira anali atanyamula kale mpira akundiyang'ana, kudikira kuti ndimukodole.

"Khalani pansi, bambo, mukutchinga," ndinatero.

Anapepesa kawiri, anavala chipewa n'kubwerera pamalo pawo. Mdzukulu wawo anaponya, mpira unalowa, anthu anaomba m'manja. Iwo anayang'ana uku ndi uku kaye kuti aone ngati n'zoyenera kusangalala.